MOLUMBO: DZIKO LATHU NDI MBIRI YA NTHAKA YAKE

Munthu ali yense amadziwa malire a munda wake. Amadziwa pamene pali culu, pamene pali mtengo wa mango, ndi pamene payambira munda wa mnzake. Koma munda uli m'mudzi, mudzi uli m'boma, ndipo boma liri m'cigawo. M'phunziro ili tiliona boma lathu la Molumbo monga mlimi aonera munda wake. Tiona pamene liri, zimene zirimo, ndi anthu amene akhala akulamula za nthaka yake kuyambira kale kufikira lero.

PAMENE TIRI

Molumbo ali kumpoto cakumadzulo kwa cigawo ca Zambezia, m'dziko la Mozambique. Tiyeni tiime pa Molumbo m'mamawa, tiyang'ane kumene dzuwa liturukira. Kutsogolo kwathu kuli maboma a Gurúè ndi Namarrói. Kumbuyo kwathu, kumene dzuwa lilowera, kuli dziko la Malawi, boma la Phalombe. Ku dzanja lamanzere, kumpoto, kuli boma la Mecanhelas, la m'cigawo ca Niassa. Ku dzanja lamanja, kumwera, kuli Milange.

Boma lathu liri ndi mbali ziwiri zimene m'Cipwitikizi amazichula kuti posto: Molumbo ndi Corromana. M'midzi yathu timalankhula Cinyanja ndi Cilomwe. Ambiri a ife timamva zonse ziwiri. Cipwitikizi timacipeza kusukulu ndi m'maofesi.

MAPIRI, MADAMBO NDI MADZI

Tikhala pakati pa mapiri awiri aakuru. Kum'mawa, pafupi ndi Gurúè, kuli phiri la Namuli. Msinkhu wake ndi mamita 2,419, ndipo ndi laciwiri kutalika m'Mozambique monse. Kumwera cakumadzulo, m'dziko la Malawi, kuli phiri la Mulanje. Nsonga yake, Sapitwa, ifika mamita 3,002. Pafupi ndi tauni ya Milange pali phiri la Tumbine, ndipo kumwera kwake kuli phiri la Chiperone.

Mapiri amenewa ndiwo amatipatsa mvula. Mphepo yocokera ku nyanja yaikuru ya Indian imabwera ndi cinyezi. Ikagunda mapiri imakwera, nizizira, ndipo mvula imagwa. Dzinja lathu limayamba m'Novembala kapena m'Disembala ndi kutha m'Epulo. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi kumabwera nkhungu ndi mvula yowaza imene timati ciperoni. Dzinali linacokera ku phiri lija la Chiperone.

Dziko la pakati pa mapiriwa ndi lokwera, la zitunda, zigwa ndi timapiri ta miyala. Madzi ake satsata njira imodzi. Ena amalowa mumtsinje wa Ruo, napita ku Shire ndi Zambezi. Ena amatsikira ku Lugela ndi Licungo, nadutsa pa Mocuba. Ena amalowa mu Lúrio. Ena amapita ku nyanja ya Chilwa, kumpoto cakumadzulo. Ndiye kuti ife tikhala kumitu ya mitsinje. Zimene ticita ndi nthaka kuno zimafika kwa anthu a kumunsi.

Nyanja ya Chilwa ndi yosiyana ndi nyanja zina. Mitsinje imalowamo, koma palibe mtsinje woturukamo. Cifukwa cace madzi ake ndi amcere pang'ono. Ndi yosazama, ndipo mvula ikacepa zaka zotsatana imaphwa. Inaphwa m'caka ca 1968 ndi ca 1995, ndipo mbali yaikuru inaphwanso m'caka ca 2018. Matemba, milamba ndi makumba amene timagula pamsika, ambiri amacokera kumeneko. Nyanjayi ikaphwa, ndiwo zimasowa m'midzi yambiri.

Mlimi wa kuno amadziwa mitundu inai ya malo. Pali munda wa kumtunda, wa katondo kapena wa mcenga, wodalira mvula. Pali dimba la m'mbali mwa mtsinje, lolima m'cilimwe. Pali dambo, la dothi lakuda losunga madzi, la mpunga ndi la msipu. Ndipo pali chire, la mitengo ya mombo, masuku ndi mlombwa, kumene timapeza nkhuni, mirimo, udzu, bowa, uci ndi mankhwala. Mudzi wokhala ndi zonse zinai suona njala msanga.

MAKOLO ATHU NDI MINDA YAO

Makolo a ife olankhula Cinyanja anali Amaravi. Anali alimi ndi osula zitsulo. M'zaka za m'ma 1600 mphamvu ya mafumu ao, monga Kalonga ndi Lundu, inafika kutali kum'mawa kwa mtsinje wa Shire. Makolo a ife olankhula Cilomwe amachula phiri la Namuli kuti ndiko kwao kweni-kweni. Mitundu iwiriyi inakumana m'dziko lino, nikwatirana.

Masiku amenewo nthaka siinali kugulidwa. Mfumu, kapena mwene, ndiye anali kugawira malo mbumba iri yonse. Munda unali kutsata mai. Mwamuna anali kupita cikamwini, nalima munda wa kwa mkazi wake, ndipo ana anali kulowa m'minda ya amai ao. Mwambo umenewu ulipobe m'midzi yambiri.

Anthu anali ocepa, chire linali lalikuru. Banja linali kutema mphanje, kutentha nthambi, ndi kubzala paphulusa. Patapita zaka zingapo, nthaka ikatopa, anali kuusiya munda kuti ukhale tsala. Mitengo inali kuphukanso, masamba nkumagwa, ndipo nthaka inali kubwerera mphamvu. Mbeu zao zakale zinali mapira, mawere, nzama ndi khobwe. Cimanga ndi cinangwa ndi mbeu za ku America, zimene zinafika ndi amalonda a kunyanja. Nkhalango ya kumanda siinali kudulidwa.

M'zaka za m'ma 1800 kunabuka malonda a minyanga ndi akapolo. Maulendo anali kudutsa pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, kupita ku Quelimane. Mafumu a Ayao, monga Matipwiri ndi Mkanda, anali kulamulira njira zimenezi. Anthu ambiri anasiya minda yabwino ya m'zigwa nathawira m'mapiri. Kuyambira nthawi imeneyo, zofuna za anthu akutali zinayamba kusintha malo amene tinali kumanga ndi kulima.

MALIRE A 1891

Angerezi ndi Apwitikizi anali kulimbirana dziko la ku Shire. Pa 11 Juni 1891 anasaina pangano ku Lisbon. Panganolo linati malire atsate gombe la kum'mawa la nyanja ya Chiuta ndi ya Chilwa. Kucokera pangodya ya kumwera cakum'mawa ya Chilwa, malire apite molunjika kufikira mtsinje wa Muloza, kenaka atsate Muloza ndi Ruo kufikira ku Shire.

Mzere wolunjikawo ndiwo malire athu a kumadzulo. Sunatsate phiri, sunatsate mudzi, sunatsate pfuko. Palibe mfumu ya kuno imene inafunsidwa. Mlongo anakhala wa Angerezi, mcimwene nakhala wa Apwitikizi. Banja limodzi linayamba kukhoma misonkho iwiri yosiyana kwa maboma awiri osiyana.

Koma malire a papepala sanathe kuthetsa cibale. Anthu anapitirira kukwatirana, kulirana maliro ndi kugulana malonda. Nthawi zonse pamene mabvuto anakula mbali imodzi, anthu anaolokera mbali inayo. Mbiri ya Molumbo siimveka popanda malire amenewa.

NTHAWI YA MAKAMPANI NDI CIBALO

Boma la Apwitikizi linalibe ndalama zolamulira dziko lonse. Tsono linabwereketsa madera aakuru kwa makampani. M'caka ca 1892 kunakhazikitsidwa Companhia da Zambézia. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, madera a Milange, Lomwe ndi Lugela anaperekedwa kwa kampani yochedwa Empresa Agrícola do Lugela. Kampani inali kutolera msonkho wa pamutu, umene Apwitikizi anali kuuchula kuti mussoco. Wosowa ndalama anali kulipira ndi nchito kapena ndi mbeu.

Nkhondo yaikuru ya Azungu inafikanso kuno. M'caka ca 1918 asilikali a Ajeremani, motsogozedwa ndi von Lettow-Vorbeck, analowa m'Zambezia. Pa 30 ndi 31 Ogasiti 1918 anamenyana ndi asilikali a Angerezi pa Lioma, m'boma la Gurúè, pafupi ndi ife. Mbali zonse ziwiri zinali kugwira amuna kuti akhale amtengatenga, ndi kulanda cakudya m'nkhokwe. Nkhondoyo itangotha, kunagwa mliri wa cimfine umene unapha anthu ambiri.

Azungu anaona kuti m'mphepete mwa mapiri muli mvula yambiri ndi nthaka yoyenera tiyi. Ku Mulanje anayamba kumubzala m'zaka za m'ma 1890. Kumbali yathu anayambira ku Milange, ndipo m'zaka za m'ma 1930 minda yaikuru inatsegulidwa ku Gurúè, kumene Apwitikizi anakupatsa dzina la Vila Junqueiro. Molumbo anali pakati pa malo awiriwa. Tiyi anali wa kumapiri, koma manja omuthyola anali kucokera m'midzi ngati yathu.

Ca m'ma 1930 boma la Apwitikizi linatenga ulamuliro m'manja mwa makampani. Pa Molumbo panali posto, pamene panali kukhala mzungu wa boma ndi asipayo ake. Mafumu anawasandutsa ma régulo, otolera msonkho ndi osonkhanitsa anchito. Mwamuna wopanda nchito ya kwa mzungu anali kugwidwa cibalo miyezi isanu ndi umodzi pacaka. Wokana anali kumenyedwa m'manja ndi thabwa la zibowo, mbalamatodya. Kuyambira 1938 kufikira 1961, anthu a m'madera ambiri a Zambezia anakakamizidwanso kulima thonje ndi kuligulitsa pamtengo woikidwa ndi boma.

Zimenezi zinasintha minda yathu. Amuna atapita ku cibalo, akazi anatsala okha ndi khasu. Ambiri anacepetsa mapira nabzala cinangwa, cifukwa sicifuna manja ambiri. Mabanja ena zikwi-zikwi, makamaka Alomwe, anathawira ku Nyasaland. Kumeneko anakapeza thangata, ndiko kugwira nchito pa esiteti ya mzungu polipira malo okhala. Ndi cifukwa cace lero ku Phalombe, Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu kuli Alomwe ambiri. Ndi abale athu.

UFULU NDI NKHONDO

Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 25 Seputembala 1964. M'Zambezia, amodzi a malo oyamba kumveka mfuti anali Mongue, m'boma la Milange. Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975. Cibalo cinali citatha, ndipo boma latsopano linalengeza kuti nthaka yonse ndi ya dziko, siingagulitsidwe.

Boma linafuna kuti anthu asiye kukhala motalikirana, amange midzi ya pamodzi, kuti sukulu, cipatala ndi madzi zikhale pafupi. Linatenga minda ya tiyi niiika m'manja mwa kampani ya boma, Emochá. Ku Lioma linatsegula munda waukuru wa boma, wolima ndi mathirakitala. Koma maganizo amenewa anali kupangidwa ku Maputo, ndipo alimi ambiri sanafune kutalikirana ndi minda yao ndi manda a makolo ao. Eni masitolo ambiri anali atacoka. Ndalama ya metikali inabwera m'caka ca 1980, koma m'masitolo munalibe mcere, sopo, nsaru kapena makasu. Tsono anthu anali kupita ndi mbeu zao ku Malawi.

Pambuyo pake kunadza nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo. Zambezia anabvutika kopambana. M'caka ca 1986 tauni ya Milange inagwa m'manja mwa Renamo, ndipo boma linailandanso m'caka ca 1988. Mafakitale a tiyi, masitolo, masukulu ndi milatho zinaonongeka. Anthu a ku Mozambique opitirira 1 miliyoni anathawira ku Malawi. Ambiri a kuno anakakhala kumisasa ya ku Muloza ndi ku Chiringa, ena kwa abale ao. Minda inasanduka chire.

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, caka ca cilala cacikuru. M'zaka za 1993 ndi 1994 anthu anabwerera. Panalibe kalata yosonyeza munda wa munthu. Anthu anazindikira malo ao poona mitengo ya mango, manda, zulu ndi miyala. Akulu-akulu ndi mafumu anaikira umboni: apa panali pa uje, apo panali pa uje. Cimene cinabwezera anthu minda yao ndi cikumbumtima ca mudzi.

MATAUNI, MISEU NDI MISIKA

Matauni a kuno anakula motsata mseu. Mseu wathu waukuru ucokera ku Milange, udutsa pa Corromana ndi pa Molumbo, nufika pa Magige. Pamenepo pali mphambano: njira ina ipita ku Gurúè, ina ipita kumpoto, ku Cuamba.

Molumbo ndiye likulu la boma lathu. Pali maofesi, sukulu, cipatala ndi msika. Corromana ndi malo a malonda panjira ya ku Milange.

Milange ndi tauni ya pamalire. Tsidya lina la mtsinje ndi Muloza, ndipo patsogolo pang'ono pali msika wa Limbuli. Kuyambira 1998 Milange ali ndi khonsolo yake yosankhidwa ndi anthu. Kucokera pa Milange, mseu umene anauthira phula m'zaka za m'ma 2010 upita ku Mocuba. Kucokera pa Mocuba munthu angathe kupita ku Quelimane, likulu la cigawo cathu, kapena ku Nampula.

Gurúè ndi tauni ya tiyi, patsinde pa Namuli. Cuamba ali ku Niassa, panjanji yocokera kudoko la Nacala. Njanjiyi inalumikizidwa ndi Malawi m'caka ca 1970, kudutsa pa Entre Lagos, pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta.

Tiyeni tione cinthu cimodzi. Kucokera pa Milange kufika ku Quelimane pali makilomita opitirira 300. Blantyre ali pafupi kopambana. Kumwera kwa Malawi kuli anthu ambiri ndi minda yaing'ono. Kwathu kuno nthaka inapumula m'zaka za nkhondo. Cifukwa cace, mtendere utabwera, cimanga cathu cinapeza msika ku Malawi. Matumba osawerengeka aoloka malire panjinga. Pa misika ya m'malire, imene timati feira, metikali ndi kwacha zimayendera limodzi. Ife timapereka cimanga, nyemba, nandolo ndi cinangwa couma. Timabwerako ndi shuga, sopo, ziwiya ndi zobvala.

Mbeu zina zimapita kutali koposa. Fodya timalima mwa pangano ndi kampani, imene imakongoza mbeu ndi feteleza, nidula ngongoleyo pogula. Soya anafalikira kucokera ku Lioma ndi Ruace, ndipo ambiri amakapangira cakudya ca nkhuku za m'matauni. Nandolo amapita ku India. M'caka ca 2016 mtengo wa nandolo unali wabwino, ndipo maboma a India ndi Mozambique anasaina pangano la malonda ake. Alimi ambiri anakuza minda. M'caka ca 2017 ku India anakolola nandolo wao wambiri, nacepetsa wogula kunja. Mtengo unagwa kwambiri, ndipo nandolo wina anaonongekera m'minda.

Apa tiphunzirapo kuti mtengo wa mbeu umapangidwa kutali, koma njala imalowa m'nyumba mwathu. Mlimi wanzeru sapereka munda wonse kwa mbeu imodzi. Amayamba wadzaza nkhokwe. Tiphunziranso kuti pamene mseu uli woipa, ogula amafika ocepa, ndipo iwo ndiwo amachula mtengo. Alimi akagulitsa pamodzi, ndi sikelo imene aiyesa okha, sanyengedwa msanga.

LAMULO LA NTHAKA NDI BOMA LATSOPANO

M'caka ca 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Lamulo la Nthaka, nambala 19/97. Tiyenera kudziwa zimene linanena.

Coyamba: nthaka ndi ya dziko. Siigulitsidwa ndipo siikhala cikole. Cimene munthu ali naco ndi ufulu wogwiritsa nchito nthaka, umene mwacidule amati DUAT.

Caciwiri: mudzi kapena banja lokhala pamalo monga mwa mwambo liri nao kale ufulu umenewu, ngakhale liribe kalata.

Cacitatu: mbadwa ya Mozambique imene yagwiritsa nchito malo mokhulupirika zaka 10 iri naonso ufulu umenewu.

Cacinai: umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, ndi wobvomerezeka. Apa lamulo linatsata zomwe zija tinacita pobwera kucokera ku Malawi.

Cacisanu: mkazi ali ndi ufulu wofanana ndi wa mwamuna, ndipo ufuluwu umasiyidwa kwa ana.

Cacisanu ndi cimodzi: munthu wa kunja kapena kampani ikafuna malo, boma liyenera kuyamba lafunsa anthu a pamalopo.

Mau otsirizawa ndi ofunika kwambiri. Kuyambira ca m'ma 2009, makampani aakuru analandira malo ambiri m'boma la Gurúè kuti alime soya, ndipo mabanja ena a ku Ruace ndi ku Lioma anataya minda imene anali kulima. Msonkhano wofunsa anthu ukacitika ndi anthu owerengeka okha, kapena anthu akasaina pepala limene sanalimve, lamulo labwino silipulumutsa munda. Madzi akatayika saoleka.

M'caka ca 2000 boma linabvomerezanso mafumu kuti agwire nchito pamodzi ndi maofesi. Ndipo m'caka ca 2013 Molumbo anasiya kukhala posto ya Milange, nakhala boma lapalokha, limene m'Cipwitikizi amati distrito. Caka comweco m'Zambezia munabadwanso maboma a Derre, Luabo, Mocubela ndi Mulevala. Anansi athu a ku Phalombe anapatukana ndi Mulanje m'caka ca 1998.

Tikayang'ana m'mbuyo tiona kuti malo olamulira nthaka yathu akhala akusendera pafupi. Poyamba anali ku Lisbon ndi ku London. Kenaka anali m'maofesi a makampani. Pambuyo pake anali ku Maputo, ku Quelimane ndi ku Milange. Tsopano ofesi iri pa Molumbo pomwe. Koma ofesi kukhala pafupi sikukwanira. Tiyenera kulowamo, kufunsa, ndi kuwerenga cimene tisaina.

NTHAKA SIIKULA

Pali bvuto lina limene silinacokere kwa mlendo. Pa kalembera wa 1980, anthu m'Mozambique anali 12 miliyoni. Pa kalembera wa 2017 anali pafupi 28 miliyoni, ndipo Zambezia yekha anali ndi anthu opitirira 5 miliyoni. Anthu akuculuka, koma nthaka siikula.

Munda umene agogo anali kuugoneka zaka zambiri, lero timaulima caka ndi caka. Kaufiti akamera m'cimanga, ndiye kuti nthaka yatopa. Posowa malo, ena akwera ndi khasu m'mapiri, ena alima mpaka m'mphepete mweni-mweni mwa mtsinje. Mitengo ikutha ndi makala, njerwa, zigafa za fodya ndi moto wa lupsya. Akazi akupita kutali kukatola nkhuni. Akasupe ena amene sanali kuphwa, tsopano amaphwa m'Okutobala.

Makolo anali kunena za Napolo, amene amaturuka m'phiri ndi madzi, matope ndi miyala. M'caka ca 1991 anaononga ku Phalombe. M'Januwale 1998 phiri la Tumbine linagumuka, ndipo anthu ambiri a ku Milange anafa. M'Januwale 2015 mtsinje wa Licungo unasefukira nudula mseu waukuru pa Mocuba. M'mwezi wacitatu wa 2023 namondwe Freddy analowera ku Quelimane, nabweretsa mvula yoopsya ku Milange, Mulanje ndi Phalombe. Cakudza sicimba ng'oma. Sitingathe kuletsa mvula yotere. Koma phiri lopanda mitengo limagumuka msanga, ndipo munda wa mizere yotsata citunda umakokoloka msanga.

Njira zosungira nthaka tikuzidziwa. Mizere ikhale yopingasa citunda, ndipo pamalo otsetsereka tibzale udzu wa vetiva. Mapesi tisatenthe, tiwakwirire. Tisakanize cimanga ndi nandolo kapena nyemba, ndi kusinthanitsa ndi mtedza kapena soya, pakuti mbeu zimenezi zimaonjezera conde. Tithire manyowa. Tisiye mitengo ndi bango m'mbali mwa mitsinje ndi pa akasupe. Tisamange nyumba panjira ya madzi.

Ndipo mudzi uli wonse ukhale pansi ndi kugwirizana: apa ndi pa minda, apa ndi pa msipu, apa ndi pa nkhalango, apa ndi pa ana athu. Tiyende m'malire pamodzi ndi midzi yoyandikana nayo, amuna ndi akazi, akulu ndi acinyamata. Zimene tagwirizana zilembedwe, ndipo tipemphe a boma atipatse cikalata ca malire a mudzi. Mutu umodzi susenza denga.

M'caka ca 1891 ena analemba malire athu ife kulibe. M'caka ca 1993 akulu-akulu anawasunga m'mutu. Akulu-akuluwo akutha mmodzi-mmodzi. Nchito yatsala ndi yathu: kudziwa dziko lathu, kulemba malire ake, ndi kusiyira ana nthaka imene ikali ndi conde.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Chulani maboma amene acita malire ndi Molumbo. Ndi ati amene munafikako?

2. Kodi mudzi wathu uli ndi munda wa kumtunda, dimba, dambo ndi chire? Ndi citi cimene cikucepa?

3. Funsani acikulire: kodi pobwera kucokera ku Malawi anaizindikira bwanji minda yao?

4. Munthu wa kunja atabwera kudzapempha malo, ndani ayenera kukhalapo pamsonkhano? Tiyenera kumufunsa ciani?

5. Jambulani pansi mapu a mudzi wathu. Onetsani mtsinje, mseu, manda, minda ndi nkhalango. Lembani maina ake.